Madzi Ofunda

Bambo anga anali telala wa makina opalasa ndi phazi, ndipo phazi la ntchito linali lakumanja. Lakumanzere linkangokhala pambali ngati mlendo wodikira tiyi. Matelala ena amapalasa ndi mapazi onse awiri, koma bambo ankati zimenezo n'za ophunzira kumene. Iwo phazi limodzi lomwelo linkadziwa pothamanga, pochedwa ndi poima, moti ankatha kusoka kolala ya shati uku akukangana ndi munthu za mpira.

Shopu yathu inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, khoma limodzi ndi mkulu wina wokonza mawotchi. Makina a bambo anali pazenera, anga pafupi ndi khomo. Pakati panali tebulo lodulira nsalu, ndipo kuseri kwa katani kunali amayi ndi simbi yawo ya makala. Bambo ankasoka, ine ndinkaika zipi ndi mabatani, amayi ankasita. Makolo anga ankagona m'zipinda ziwiri za kumbuyo kwa shopuko. Ine ndinali pabanja, ndinkabwera m'mawa n'kumabwerera madzulo.

Matenda a shuga atawapeza bambo, anayambira kumapazi. Anachita dzanzi. Tsiku lina ndinawapeza akuyenda ndi pini m'chidendene osadziwa, ndinachita kuwazula ndine. Koma chodabwitsa, munthu wosamva kubaya kwa pini ankadandaula kuzizira. Ankati mapazi awo ali ngati awaviika mumtsinje, makamaka nyengo yozizira ikafika, ndipo tulo sankaliona.

Amayi anapeza nzeru yawo. Akamaliza kusita madzulo ankakhuthula makala m'simbi, n'kuikulunga m'chidutswa cha bulangete lakale, n'kukaiika kumapazi kwa bedi. Zinkathandiza, koma kwa kanthawi. Simbi inkazizira bambo atangogona kumene, ndipo m'mawa ankadzuka ndi nkhope yolusa, n'kuyamba kupezera zifukwa ulusi ndi singano.

Ndili ndi mlongo wanga mmodzi, wamng'ono kwa ine. Timamutchula kuti Sayansi kuyambira ali mwana, chifukwa anamasula wailesi ya bambo kuti aone anthu oyankhula m'katimo. Dzinalo linamutsata, pakuti anakhala mphunzitsi wa sayansi kusekondale ya kutali. Ndi munthu wa mtima wabwino, koma ukamufunsa nthawi amayamba wakufotokozera mmene wotchi imayendera.

Chaka chimenecho anabwera patchuthi kuzizira kutangoyamba. Tikumwa tiyi masana mushopu, anatulutsa m'chikwama chinthu chofiira, chafulati, chokhala ndi chotsekera chopotokola.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa bambo. "Wandibweretsera chubu cha njinga?"

"Ndi botolo la mphira, bambo. Mumathiramo madzi, n'kuika kumapazi. Simbi ija ipume."

Amayi anasuzumira pakatani. "Simbi yanga yalakwanji?"

"Siinalakwe, amayi, koma ndi chitsulo. Taonani." Anatulutsa supuni m'kapu mwake n'kuwapatsa bambo. "Gwirani."

"Ikutentha."

"Igwirenibe." Anamwa tiyi pang'ono, n'kufunsa za wokonza mawotchi ngati chifuwa chake chinatha. Kenako anati, "Nanga pano?"

"Yazizira."

"Koma tiyi wanu?"

Bambo anapsontha, n'kukwinya nkhope. "Akadali wamoto."

"Ndiye nkhani yake imeneyo. Chitsulo chili ndi mtima wapachala. Chimatentha msanga, n'kuziziranso msanga. Madzi ayi. Mukatenga kilo ya madzi ndi kilo ya chitsulo, mukufuna kuti zitenthe mofanana, madziwo adya moto wochuluka pafupifupi kasanu n'kanayi. Ndiye motowo sautaya. Amausunga, n'kumaubweza pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mu injini ya galimoto amathiramo madzi, n'chifukwa chakenso..."

"Basi, aphunzitsi, belu lalira," ndinatero ine. "Tiyi wathu azizira ngakhale ali madzi."

Koma bambo anali atakondwa zedi. Anagogoda khoma kuitana wokonza mawotchi kuti adzamve yekha. Mkuluyo anabwera galasi lake likadali padiso, Sayansi n'kuyambiranso za supuni. Bambo ankangogwedeza mutu uku akuyang'ana mnzawoyo ngati akuti, wako uja angatero?

Pomaliza Sayansi anatembenukira kwa amayi. "Koma amayi, madzi ake akhale ofunda. Osati otentha ayi. Akawira muziwasiya kaye."

"Iwe ungandiphunzitse ine za kufunda?" anatero amayi. "Ndinayamba kusita usanabadwe."

Tonse tinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumeneko mtima umandiwawa mpaka lero.

Mwina ndifotokoze, chifukwa munthu wakunja sangamve. Mushopu mwathu mawu akuti kufunda anali ndi tanthauzo lakelake. Simbi inali yaukali kapena yofunda. Yaukali inali ya khaki ndi nsalu zolimba. Yofunda inali ya nayiloni ndi nsalu zopyapyala za m'kati mwa jekete, zimene zimafota zikangoona moto. Ndipo amayi anali ndi muyeso wawo. Ankachotsa makala, kuimika simbi, n'kutenga tsache. Akamaliza kusesa shopu, simbi inali itafunda. Muyeso umenewu sunawanamizepo, palibe diresi ya munthu imene anaipsereza. Komanso manja awo anali a wosita. Khala likagwa ankalitola ndi zala n'kulibweza m'simbi. Poto wa pamoto ankaphula popanda kansalu, ife tikukuwa.

Sabata yonse ya tchuthi botolo ankathira ndi Sayansi mwiniwake. Ankasakaniza madzi a m'ketulo ndi a pampopi, koma ankachitira kubafa, palibe anaona, ndipo iye sanaganize kuti n'zofunika kunena. Bambo anagona tulo tofa nato. Ankadzuka akuimba, botolo analipatsa dzina lakuti Mkazi Wachiwiri, amayi n'kumawaopseza kuti alibowola ndi singano.

Sayansi anabwerera kusukulu kwake. Madzulo a tsiku lomwelo amayi anawiritsa ketulo, anaiphula, n'kutenga tsache. Atamaliza kusesa anathira madzi m'botolo, analigwira ndi chikhatho, n'kumva kuti afunda. Bulangete lija linali lokulungira chitsulo, ichi chinali chofewa ngati tsaya la mwana, ndiye anangochilowetsa m'kansalu kopyapyala ka pilo. Zonsezi anandiuza okha pambuyo pake, kambirimbiri, ngati kuti akabwereza apeza pamene panakhota.

M'mawa ndinapeza shopu yosatsegula. Ndinazungulira kumbuyo. Amayi anali chiimire pakhomo, maso ali gwa, osandiyankha moni. Ndinalowa kuchipinda. Bambo anali atakhala pabedi, phazi lakumanja ataliika pabondo, akuliyang'ana ngati la munthu wina. Chidendene chonse mpaka pakati pa phazi chinali thuza limodzi lalikulu, lotuwa, mbali ina litaphulika kale.

Botolo linali pansi. Nditalitola linali likadali lofunda, kufunda kwenikweni kwa anthu tonse, dzuwa litatuluka kale. Sayansi sananame.

"Sipakupweteka," anatero bambo.

"Vuto ndi lomwelo! Valani, tipite kuchipatala."

"Kuchipatala chifukwa cha thuza? Masukulu akutsegulira, mayunifolomu ali mulu apo."

Ndinakuwa mpaka wokonza mawotchi anabwera. Awirife tinawanyamula ngati katundu. Namwino anatsuka chilondacho, anamanga, n'kunena mosapita m'mbali kuti munthu wa shuga chilonda cha kuphazi si chosewera nacho. Phazilo lisaponde pansi, lisagwire ntchito, ndipo azibwera kudzatsukitsa. Bambo anavomera zonse mwaulemu, eya amayi, zikomo amayi. Tili panjira anandigwira mkono.

"Mwana uja asamve. Anagula ndi mtima wabwino."

Ndinawauza kuti sindinena ngati iwo asiya makina. Analonjeza. Koma bambo anga, inu! Ndikangopita kukagula ulusi, pobwera ndinkamva makina akulira ndili kutsidya la msewu. Ndikalowa ankanamizira kuti akuthira mafuta. Ndinachotsa lamba wa makina n'kupita naye kwathu. M'mawa ndinapeza apota wina ndi chingwe choyanikira zovala. Ndinawaopseza kuti ndisiya ntchito, iwo anati khomo ndi ilo. Ndinalira, iwo anandipatsa kansalu kopukutira misozi n'kupitiriza kusoka. Munthu ungamuletse bwanji chinthu chimene sichikumupweteka? Ankapalasa ndi chilonda, bandeji n'kumanyowa, iwo akuimba.

Amayi sankalowerera. Kuyambira tsiku lija anasanduka munthu wachete. Ankasita, kuphika, kuchapa mabandeji, koma mawu anawathera. Ndikawauza kuti tawalankhulani amuna anu, ankangoti, "Ine ndinene chiyani? Ndi ine ndinawaotcha."

Chilonda sichinapole. M'mphepete munayamba kuda, zala ziwiri zinasintha mtundu. Tsiku lina mayi wina wodzayezetsa diresi anafunsa ngati mwafera khoswe mushopu. Bambo anaimitsa makina. Kenako anandiuza kuti ndikaitane galimoto. Tsiku lomwelo anawagoneka m'chipatala, ndipo ine ndinamuimbira Sayansi. Lonjezo linali litatha ntchito.

Anafika mawa lake masana, fumbi lili m'mutu. Makolo anga anali atapangana kale bodza lawo.

"Ndi simbi," anatero bambo. "Amayi akowa anaiwala kukulunga bwino. Botolo lako tinalisunga, tinati tizigwiritsa ntchito kukazizira kwambiri."

Amayi anagwedeza mutu, maso ali pansi.

Sayansi anawafunsa za chakudya, anakonza pilo, kenako anandikodola kuti tituluke. Tinaima pakhonde la wodi, pafupi ndi benchi.

"Achemwali, simbi singachite zimenezi. Ikanakhala yamoto choncho ikanapsereza kaye bulangete, akanamva fungo. Ikanakhala yokulunga ikanazizira isanawaotche. Chinawaotcha chinakhala pamenepo mpaka kucha. Ndiuzeni zoona."

Ndisanayankhe, amayi anali atatuluka. Anaima kumbuyo kwake.

"Amayi, madzi aja munawasiya nthawi yaitali bwanji?"

"Ndinasesa shopu yonse," anatero amayi. "Mpaka pansi pa tebulo."

Sayansi anakhala pabenchi ngati amukankha. Iyenso anakulira mushopu muja, muyeso wa tsache ankaudziwa. Anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Simbi imazizira mukamasesa," anatero. "Ketulo yodzaza ayi. Ndinakamba za makilo, za injini, ndinaitanitsa ndi anthu odzamvera. Kungonena kuti muzithiramo madzi a pampopi, ndinalephera. Kungoti muyese ndi chigongono ngati madzi osambitsa khanda."

"Unati ofunda, mwana wanga," anatero amayi. "Ndinagwira. Anali ofunda." Anatambasula zikhatho zawo n'kumaziyang'ana. Zinali zolimba, zonyezimira, zokhala ndi timabala takale.

Ine ndinkafuna munthu womukalipira. Ndinawayang'ana onse awiri, ndinamusowa. Ndinapita kukakalipira mnyamata wogulitsa nthochi pageti, wosalakwa.

Achipatala anayesa mankhwala, anayesa kuchotsa mnofu wakufa. Kuda kuja kunkangokwera. Kenako dokotala, mayi wamtali wolankhula mofatsa, anatiitana tonse pabedi la bambo. Anati phazi silingapulumuke. Akalisiya, poizoni alowa m'magazi. Ayenera kudula mwendo m'munsi mwa bondo, ndipo anaika chala chake pamalopo. Anati chilolezo chiyenera kuchokera kwa mwiniwake.

"Ayi," anatero bambo.

"Bambo, mvetserani kaye..."

"Ndamva. Zikomo adokotala, koma ayi. Limeneli ndi limene laphunzitsa ana awa. Ndipita nalo."

Masiku otsatira tinayesa njira zonse. Sayansi anati pali kamota ka magetsi koika pamakina, munthu amangodina. Bambo anati iwo si woyendetsa chigayo. Ine ndinati aphunzitse lakumanzere. Anati lakumanzere ndi chitsiru chobadwa nacho, silingaphunzire litakalamba. Wokonza mawotchi anabwera ndi malalanje, n'kuwauza kuti wotchi ya muvi umodzi imanenabe nthawi. Bambo anamufunsa ngati anagulitsapo yotero. Mkuluyo anaseka, koma potuluka ndinamuona akupukuta m'maso.

Thupi la bambo linayamba kutentha. Ankanjenjemera masana dzuwa lili phwee, nthawi zina n'kumanditchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Tsiku lina, mutu wawo utayera pang'ono, ndinalephera kudzigwira.

"Bambo, ndinu odzikonda! Mukuganiza za phazi lokha. Mukafa, amayi akhala akudziwa kuti anapha amuna awo ndi ketulo. Uyu akhala akudziwa kuti anapha bambo ake ndi mphatso. Mukufuna kuwasiyira zimenezo? Ine ndiye ndiziwasunga bwanji anthu awiri otero?"

Wodwala wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma. Amayi anandikoka diresi kuti ndikhale pansi, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo sindinawabweze.

Bambo anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako Sayansi, amene anali atatsamira zenera, ataonda ngati wodwala ndi iye. Anatseka maso. Ndinaganiza kuti agona, kapena andikwiyira mpaka kalekale.

"Mawa ubwere ndi buluku langa lotuwa lija," anatero maso ali chitsekere. "Ndi tepi. Ndi choko."

Buluku lotuwa linali la suti yawo yabwino, imene anaisoka okha. Ndinaganiza kuti akusankha chovala cha m'bokosi. Komabe ndinabwera nalo, pamodzi ndi tepi ndi kachoko kabuluu kolembera nsalu.

Ndinawapeza atakhala tsonga, atatsamira mapilo. Anandiuza kuti ndiyale bulukulo pamwamba pa miyendo yawo, chiuno pachiuno. Analisalaza ndi chikhatho mpaka makwinya onse anatha.

"Iwe Sayansi, gwira tepi apa. Osakoka, nsalu si mphira. Dokotala uja analoza pati?"

Sayansi analoza.

"Gwira bwino, mphunzitsi wanji wonjenjemera?"

Anayeza kuchokera m'chiuno kufika pabondo, kuchokera pabondo kufika pamalopo. Anayezanso kachiwiri. Kenako anatenga choko n'kujambula mzere pamwendo wakumanja wa buluku, wowongoka ngati alemba ndi rula. M'munsi mwake anajambula wina waufupi.

"Wam'mwambawu ndi popinda. Wam'munsiwu ndi podula. Ndasiya malo okwanira mabandeji. Mpendero usoke wam'kati, ulusi usaoneke kunja."

"Ndingopinda, bambo," ndinatero. "Ndimange ndi mapini. Nsalu yabwino ngati iyi..."

"Dula. Kupinda n'kudzinamiza. Chotsalacho usataye, chidzagwira ntchito ya chigamba."

Anandipatsa choko, n'kupukuta zala pabulangete. Amayi anali atagwira chitsulo cha bedi, misozi ikungotsika osaipukuta. Bambo anawayang'ana.

"Amake ana, mwaima ngati mwabwera kudzaona mlendo. Khalani apa." Anawasunthira malo. Kenako anauza Sayansi kuti, "Pita ukamuitane dokotala uja asanapite kokadya."

Anawachita opaleshoni mawa lake m'mawa. Anatiuza kuti zitenga nthawi, ndipo ine kukhala pabenchi kunandikanika. Ndinawasiya amayi ndi Sayansi atakhala moyandikana, ndinapita kushopu. Sindinatsegule zenera la kumsewu. Ndinayala buluku patebulo, ndinatenga sizasi yaikulu ya bambo. Ndadula nsalu za anthu moyo wanga wonse, za maukwati ndi za maliro, koma pamzere wabuluu uja ndinaima nthawi yaitali. Nditadula, mwendo wa buluku unagwa pansi, ndinautola n'kuupinda bwinobwino.

Makina anga sakoka nsalu yochindikala, ndiye ndinakhala pa a bambo. Ndinali ndisanakhalepo. Chopondera chake chinali chitasalala mbali imodzi yokha, utoto utatha, ndipo phazi langa linachepa pamenepo. Ndinasoka ndikulira, mpendero unakhota. Ndinaumasula n'kuyambiranso, chifukwa bambo akanauona.